A Sitefano ndi Phazi la Apongozi Anga

A Sitefano, amene ankayendera okalamba a m'midzi ya pakati pa Mtakataka ndi Mua kukawayang'ana mapazi, anamwalira Lachiwiri lapitali ndi chilonda cha kuphazi. Chilondacho anachitenga zaka zinayi zapitazo akukankha njinga yanga, ine ndikuyenda pambuyo pawo chimanjamanja.

Pamaliro tinalipo anthu khumi ndi anayi. Ndinawerenga, chifukwa ntchito ya nyuzipepala imene ndinagwirako ku Blantyre inandisiyira chizolowezi chowerenga anthu paliponse. Mwa anthuwo, asanu ndi anayi anali okalamba oyendera ndodo. Tinawaika kumanda a odwala khate kufupi ndi mishoni, pakuti adzukulu a m'mudzi mwathu anati makasu awo sakumba manda a wakhate. Palibe anawatsutsa. Inenso sindinawatsutse.

Zaka zawo sankazidziwa. Ankangoti pamene ansembe oyamba ankafika ku Mua, iwo n'kuti akuweta kale mbuzi. Khate linawagwira ali pabanja. Akuchikazi anawasudzula, ndipo anakakhala zaka zambiri kumalo a odwala khate kumishoni. Matenda atatha anatuluka ndi kalata yonena kuti sangapatsirenso munthu. Kalatayo ankayenda nayo m'kachitini ka fodya. Koma odziwa kuwerenga sankafuna kuigwira, ndipo amene akanaigwira sankadziwa kuwerenga.

Dzanja lawo lamanja linatsala ndi zala zitatu. Lamanzere linali chibakera chosatambasuka. Mapazi onse awiri sankamva kanthu: ankati akaponda khala la moto ankadziwira fungo. Kumishoni kuja anaphunzira kusamala mapazi otero, ndipo atatuluka anaona kuti okalamba ambiri, ngakhale amene sanadwalepo khate, akulumala ndi zinthu zomwezo: munga, zikang'a, matekenya, moto wa m'nyumba. Palibe anawalemba ntchito. Anangoyamba.

Ankanyamuka tambala atangolira kachiwiri, ndipo dzuwa likafika pamutu ankakhala pansi pa mtengo uliwonse umene ali nawo pafupi mpaka nthaka itazizira. Limenelo linali lamulo lawo lalikulu: phazi losamva siliyenda masana. M'thumba la chiguduli ankanyamula botolo la mafuta a nsatsi, mwala wokwechera, singano, mpeni ndi kathonje. Akafika pakhomo sankataya nthawi. Ndinawamva tsiku lina akulankhula ndi che Amidu, msodzi wokalamba amene anasiya kupita panyanja n'kumangosoka maukonde.

“Che Amidu, tulutsani mapaziwo tiwaone.”

“Iwe Sitefano, anzako amayamba ndi moni.”

“Moni ndapereka kale kwa nkhopeyo. Koma nkhope ndi yabodza, nthawi zonse imati ndili bwino. Ndikufuna ndimve kwa apansiwo.”

“Ukapanda kupeza kanthu undipatsa fodya.”

“Ndikapeza thekenya mundipatsa usipa.”

“Wallahi, lero usuta mpweya iwe.”

Anapeza matekenya awiri pansi pa chala chaching'ono. Che Amidu anati ameneyo anabwera nawo Sitefano yemweyo m'thumba mwake.

Kathonje kaja kanali chida chawo chachikulu. Ankauza munthu kuti atsinzine, n'kumamukhudza nako kuphazi, iye azinena pamene wakhudzidwa. Pamalo pamene munthu sanamve, ankapaka kadontho ka makala, n'kuitana mwana kapena mdzukulu wa munthuyo kuti aone ndi maso ake. Ziphunzitso zawo zinali zochepa ndipo sankazisintha. Wokalamba aziviika mapazi m'madzi ozizira m'mawa uliwonse, akweche zikang'a, adzole mafuta. Asagone mapazi ataloza kumoto. Madzi osamba aziyesa ndi chigongono, osati ndi phazi. M'nyumba muzisesedwa ndi kuwazidwa madzi kuti matekenya asaswane. Chilonda chikatha sabata osauma, chimenecho ndi cha kuchipatala, osati cha masamba. Amene analibe nsapato ankawasokera nkhwayira za matayala akale amene ankapempha kwa oyendetsa malole a thonje. Podula tayala ankamangirira mpeni kudzanja ndi lamba.

Ankanena kawirikawiri kuti mwana wakhanda amamuyang'ana thupi lonse tsiku ndi tsiku, koma munthu akakalamba timamulemekeza mpaka kuleka kumuyang'ana. Timamugwadira, maso pansi, ndipo ngakhale pansi pomwepo sitiona kuti phazi latupa.

Sanali munthu wofewa. Anakangana ndi sing'anga wina wa ku Golomoti amene ankatema mphini pamapazi a dzanzi, ndipo anamutsatira mpaka pamsika akumufunsa kuti mphini zimenezo adzazitseka ndani. Anakangananso ndi akatekisiti a kwathu. Lamulungu lina mapemphero atatha anaimirira kunja, pamalo pawo pa nthawi zonse patali ndi anzawo, n'kunena kuti Asilamu a kunyanja ali ndi mapazi abwino kuposa ife chifukwa amawasambitsa asanapemphere, ndiye ife titengereko.

“A Sitefano,” anatero akatekisiti, “mukufuna mutisilamutse tonse?”

“Ayi aphunzitsi, Mulungu ndatsala ndi yemweyu. Ndangobwereka madzi okha.”

Anthu anaseka, ndipo akatekisiti sanawalankhule mpaka Pasaka.

Chilema chawo chenicheni chinali chakuti analibe chinsinsi. Chilonda cha munthu ankachinena mokweza ngati akunena za mvula, kaya pali alendo kaya palibe. Ambiri ankawatsekera zitseko chifukwa cha zimenezi. Ndikunena izi chifukwa ndi zoona, osati kuti zindichepetsere mlandu.

Nditasiya ntchito ya m'tauni ndinabwera kudzakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Agatha. Apongozi anga, a Nangondo, ndinkawalemekeza monga mwa mwambo. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire. Akakhala pakhonde ndinkadzera kuseri. Mawu aliwonse pakati pa iwo ndi ine ankadzera mwa Agatha. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinawayang'anepo bwinobwino, ndipo anthu ankandiyamikira kuti ngakhale ndinaphunzira sukulu, mwambo sindinautaye. Ndinkanyadira mawu amenewo.

Unali mwezi wa Okutobala. Kunyumba kunabwera ankhoswe awiri ochokera ku Golomoti, kudzafunsira mlamu wanga Tereza m'malo mwa mnyamata wina wogwira ntchito kunjanji. Tinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa bwemba. Apongozi anali m'nyumba. Nkhani ili mkati, a Sitefano anatulukira n'kuima m'mphepete mwa bwalo. Ine ankanditcha a Kalaliki.

“A Kalaliki, njinga yanu ili ndi mpweya?”

“Ili nawo. Koma tili ndi alendo, a Sitefano.”

“Alendo ndawaona, mapazi awo ali bwino. Ine ndadzera apongozi anu. Ndatsata mapazi awo kuchokera kuchitsime. Lamanzere akupondera chidendene chokha, ndipo paliponse pamene aponda pakutera ntchentche. Mawa m'mamawa muwakweze panjinga mupite nawo ku Mua.”

Ankhoswe aja anayang'anana. Wina anasendeza mapazi ake pamphasa. Munthu amene anadwalapo khate akaima pakhomo panu n'kumanena za chilonda cha kuphazi, aliyense amamva chinthu chimodzi, ndipo palibe banja limene likanalola mwana wawo kukwatira pakhomo pa khate. Ndinaona Tereza ataima pakhomo la khitchini, dzanja pakamwa.

“Inu munakhala dokotala liti?” ndinawafunsa.

“Sindine dokotala. Ndine munthu amene anataya zala zisanu ndi ziwiri, ndiye njira imene zimachokera ndimaidziwa.”

“Ndiye mukufuna ine ndikweze apongozi anga panjinga, azindigwira m'chiuno? Mwambo munausiya kumishoni kuja?”

“Mwambo ndinaudziwa inu musanabadwe, a Kalaliki. Koma pakali pano ulemu wanuwo ukudya phazi la mayi.”

“Chokani pakhomo pano. Muzikanena zimenezo kwa akhate anzanu.”

Sanakwiye. Anapempha madzi akumwa, pakuti kunali kutatentha kale. Agatha anawapatsa m'chikho. Atamwa anaika chikhocho pansi, ndipo ine ndinanyamuka n'kuchiponda ndi nsapato mpaka kusweka, kuti alendo aone kuti pakhomo pathu sitisewera ndi matenda amenewo.

A Sitefano anayang'ana zidutswazo.

“Mwaswa chikho chabwino,” anatero. “Musazisiye pamenepa izi. Apongozi anu amayenda opanda nsapato.”

Anawerama n'kutola zidutswazo chimodzichimodzi ndi zala zawo zitatu, kuziika m'thumba, n'kumapita.

Panapita masabata atatu. Agatha ankadziwa za chilondacho, koma mayi ake anamulumbiritsa kuti asauze munthu mpaka za Tereza zitatheka. Iwo eni ankakhulupirira kuti ndi khate. Ankamanga masamba osinja ndi phulusa, n'kumakhala atafunditsa mapazi ndi nsalu. Ine fungo ndinkalimva ndikamadutsa kuseri kwa nyumba yawo. Ndinaonanso kuti aleka kupita kuchitsime, kenaka kuti aleka kutuluka. Zonsezi ndinaziona, ine wozolowera kuona zinthu ndi kuzilemba. Sindinafunse, chifukwa mkamwini safunsa za thupi la apongozi ake. A Sitefano anabwera kawiri ine kulibe, ndipo kawiri konse apongozi anawatsekera chitseko.

Sabata yachitatu thupi la apongozi linatentha, ndipo analephera kuimirira. Agatha anathamangira kwa a Sitefano osandiuza. Machila amafuna amuna anayi, ndipo amuna amene anawapempha onse anapeza zifukwa, poopa kunyamula wakhate. A Sitefano anafika dzuwa litakwera kale, nthawi imene iwo sankayenda. Anatenga njinga yanga pakhonde osapempha. Agatha ndi Tereza anakweza mayi awo pakaliyala atayalapo bulangeti. Tereza anatsala pakhomo kuti a ku Golomoti asamve kuti waoneka panjira ya kuchipatala. Agatha ankagwira mayi ake kuti asagwe. A Sitefano ankakankha, dzanja lamanja pachiwongolero, mkono wamanzere atautsamiritsa pachishalo.

Ndinawapeza potulukira m'mudzi ndikuchokera kudimba. Ndinapatukira kutchire monga mwa nthawi zonse, iwo n'kudutsa. Kenaka ndinayamba kuwatsatira, nditasiya mpata woyenera pakati pa ine ndi apongozi, ngati mapazi makumi atatu.

A Sitefano anacheuka kamodzi.

“A Kalaliki, bwerani mudzagwire chiwongolero. Muziyang'ana kutsogolo, simuwaona.”

Apongozi anadzifunditsa nsalu kumutu, n'kulankhula ndi mawu otsika kwa mwana wawo, akunditchulira dzina la mwana wathu Luka.

“Uwauze bambo a Luka asavutike.”

“Akuti musavutike,” anatero Agatha, osandiyang'ana.

Mawu amenewo anali aulemu chabe, ndipo ndinkadziwa. Koma ndinawalandira ngati chilolezo, n'kupitiriza kuyenda pambuyo.

Kuchokera kwathu kufika ku Mua ndi mamailosi asanu ndi awiri. Njira yake ndi ya mchenga, ndipo kumapeto imakwera. Amene anayendapo kuchigwa kuno mu Okutobala akudziwa kuti masana mchenga umawotcha ngakhale munthu atavala nsapato. Titayenda mamailosi anayi tinawoloka kamtsinje kouma. Matayala anatitimira, ndipo a Sitefano anakankha ndi mphamvu zawo zonse. Pamenepo lamba wa nkhwayira yawo yakumanja anaduka. Nkhwayirayo inatsala mumchenga. Iwo sanamve kanthu, ndipo Agatha maso ake anali pa mayi ake.

Amene anaona ndine ndekha. Ndinafika pamene inali, ndinaima, ndinaiyang'ana. Kuti ndiitole, ndinanyansidwa kugwira chovala cha wakhate. Kuti ndifuule, ndinaona ngati n'kupanda ulemu kukuwa kumbuyo kwa apongozi. Ndinadziuza kuti ndiwauza tikapumula pamthunzi. Ndinailumpha. Sitinapumule paliponse, chifukwa apongozi anali atayamba kubwebweta, ndipo a Sitefano anayenda mamailosi atatu otsalawo phazi limodzi lili pansi. Cha kumapeto, m'mene ankaponda munkatsala chinyezi chofiirira. Ndinkachiona patsogolo panga njira yonse yokwera.

Nkhani ya nkhwayira imeneyi sindinauzepo munthu, ngakhale Agatha, ngakhale a Sitefano eni ake. Kuno n'koyamba.

Kuchipatala anapeza kuti silinali khate. Unali munga umene unathyokera m'kati n'kuwola. Anadula zala ziwiri, phazi linapulumuka. Asisitere amene anatilandira anauza Agatha kuti tikanabwera pachiyambi akanangochotsa mungawo ndi kumanga, ndipo tikanachedwa masiku ena ochepa bwenzi tikukamba za mwendo. Kenaka anayang'ana pansi, pamene a Sitefano anaima, n'kuitana anthu kuti awanyamule. Khungu la pansi pa phazi lawo linali litasupuka kuyambira kuchidendene mpaka pakati. Apongozi anatuluka patapita masabata atatu. A Sitefano anatuluka patapita miyezi iwiri. Tereza anakwatiwa chaka chotsatira mvula itatha, ndi mnyamata yemwe uja wa kunjanji.

Chilonda cha a Sitefano chinkatseka n'kutsegukanso. Ankadziwa bwino kuti mankhwala ake ndi kukhala pansi osayenda, ndipo ankauza ena zimenezo, koma iwo ankapumula sabata imodzi n'kunyamulanso thumba. Midzi imene ankafika inayamba kuchepa chaka ndi chaka. Kwathu sanaleke. Anasokera apongozi nkhwayira yapadera, yoika thonje pamene panali zala, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera kudzayang'ana chipseracho. Apongozi ankawaphikira mbatata, n'kumawatcha achimwene. Ine ankandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

“A Kalaliki, njinga ili bwanji?”

“Ili bwino, a Sitefano.”

“Muziithira mafuta. Tsiku lija inkalira ngati mbuzi yanjala.”

Kamodzi anandipempha kanthu. Anati popeza ndimadziwa kulemba, ndiwalembere ziphunzitso zawo papepala kuti akatekisiti aziwerenga Lamulungu iwo akadzalephera kuyenda. Ndinavomera. Sindinalembe. Chaka chomwecho ndinatumiza kunyuzipepala nkhani ya ukhondo wa m'midzi ya kuno. Ndinalemba za zimbudzi ndi maenje a zinyalala, ndinatchula mlangizi amene ankabwera kuchokera kuboma kawiri pachaka. A Sitefano sindinawatchule. Ndinaopa kuti owerenga a m'tauni aseka kumva kuti kwathu wophunzitsa zaumoyo ndi wakhate wosadziwa kulemba dzina lake.

Mwezi watha phazi lawo lija linatupa mpaka m'bondo. Anawatengera kuchipatala pangolo ya ng'ombe, ndipo sanabwereko.

M'nyumba mwawo ndinalowamo koyamba tsiku lotsatira maliro. Ili kumapeto kwa mudzi, kupitirira makola a mbuzi. Ndi kanyumba kamodzi kozungulira. Pansi ndi pozira bwino kwambiri, popanda kamwala ngakhale kamodzi. Pamoto anatchingapo ndi mzere wa njerwa ziwiriziwiri, kuti munthu akagona phazi lisafike pamakala. Pali mphasa imodzi, mtsuko, beseni lobooka lomata ndi phula, ndi zidutswa za tayala zodulidwa kale koma zosasoka. Kutsindwi kwapachikidwa timabango makumi awiri ndi titatu. Kalikonse kanadulidwa molingana ndi phazi la munthu wina, ndipo popeza sankalemba, kalikonse anakamanga ndi ulusi wamtundu wake kapena mfundo zake. Palibe akudziwa kuti kabango kati ndi ka yani. Okalamba awiri anabwera kudzaima pakhomo ndili momwemo. Sanalowe. Mmodzi anandifunsa ngati nkhwayira zake zinatha kusokedwa.

Timabangoto ndatitulutsa, pamodzi ndi matayala. Ndiyenda nato khomo ndi khomo kuyesa pamapazi mpaka eni ake apezeke.

Dzulo Agatha wandiuza kuti chipsera cha mayi ake chang'ambika ndipo chikutuluka madzi. Lero ndi tsiku lachisanu chiyambireni kutero. Apongoziwo akuti tidikire mvula igwe, kuzizire. Ndapita kwa malume ake a Agatha kukafunsa ngati pali njira yoti mkamwini ndi apongozi amasukirane. Andiyang'ana modabwa n'kunena kuti njirayo ilipo kuyambira kale: nkhuku imodzi, yoperekedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo munthu wa ana atatu ngati ine akanatha kutero zaka zapitazo. Nkhukuyo ndapereka m'mawa uno.

Nyumba ya a Sitefano aitentha Loweruka, monga achitira ndi nyumba ya wakhate. Lolemba m'mamawa, mchenga usanatenthe, tikuyembekezeka kunyamuka kupita ku Mua, apongozi pakaliyala, ine pachiwongolero. Iwo sanavomerebe.